Etta ndi Ndalama Zakuda za a Henderson

Etta akalowa m'nyumba mwako, moni ankapereka ndi pakamwa pokha, maso ali kunsi kwa mapoto. Akapeza kuti kunsiko kwada, ankangovula jekete, kupinda manja a juzi, n'kuyamba kukwecha iwe uli pomwepo ndi manyazi ako. Ine Margaret anandichita zimenezi kangapo pafulati yanga ya ku Barking, mpaka tsiku lina ndinamukalipira kuti, "Asisi, mwabwera kudzacheza kapena kudzandiyalutsa?" Iye anangoseka, kawaya kokwechera kali m'manja.

Tinadziwana kalekale kuchipatala cha mishoni cha kwathu, ine ndikuphunzira unamwino, iye akusambitsa odwala ndi kukolopa mawodi. Sukulu analekezera Fomu 2. Mwamuna wake anamwalira mu 1998, ndipo abale a mwamunayo anasesa katundu yense, ngakhale mbale zimene Etta anagula yekha. Anatsala ndi ana awiri aakazi. Ine nditabwera kuno ku England mu 2000 ndinamva za ejensi ina ya ku Ilford imene inkafuna anthu osamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo inkawatengera pemiti yogwirira ntchito. Ndinamulembera kalata. Mu Meyi 2002 anatera pa Heathrow, dzuwa likuwala bwinobwino, iye atavala majuzi awiri ndi chitenje cha Chigwirizano pamwamba. Ana anawasiya kwa mng'ono wake ku Kawale.

Pemiti yakeyo inamumangirira pa ejensiyo ngati mbuzi pachikhomo. Ntchito ikatha, pemiti yatha, longedza. Koma ukapirira zaka zinayi unkalandira chidindo chimene tonse timangochitchula kuti indefiniti, ndiye kuti wamasuka, ugwira ntchito kulikonse, palibenso wokuthamangitsa. Etta anapirira. Kutatsala mwezi umodzi kuti akwanitse, mu 2006, lamulo linasintha, zaka zinayi zija zinakhala zisanu. Anzathu analira, ena anatukwana mpaka m'tchalitchi. Etta anangoti, "Chaka n'chiyani? Tikagona tikadzuka chakwana." Tsiku lake latsopano linali mu Meyi 2007, ndipo analizunguliza ndi bolopeni pakalendala ya kukhitchini.

Mwa okalamba onse amene ankawayendera, amene anakhalitsa nawo anali a Henderson, mzungu wa zaka 81, amene kale ankagwira ntchito kupositi ofesi. Ankakhala okha m'nyumba ya njerwa zofiira kufupi ndi Valentines Park. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Fiona, ankakhala kutali, kubwera kamodzi pa mwezi. Etta ankakwera basi ya 169 m'mawa uliwonse kukawadzutsa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwaphikira phala, masana n'kubwereranso kukawapatsa chakudya ndi mankhwala. Ankawatchula kuti agogo. Mkuluyo anafunsa kamodzi tanthauzo lake, atauzidwa anakondwa, n'kuiwala.

A Henderson analibe galu, analibe mphaka, kutchalitchi sankapita. Anali ndi kakabati ka matabwa ofiirira kokhala ndi timathireyi tokoka. M'kathireyi kalikonse munali timaenje tozungulira toyalamo kansalu, ndipo m'kaenje kalikonse munali kandalama kamodzi. Ine ndinazionapo kamodzi nditamuperekeza Etta. Abale inu, ukanazipeza panjira sukanawerama n'komwe. Ndalama zasiliva zopyapyala ngati chikhadabo, zakuda bii, zina zopindika m'mphepete. Mwiniwakeyo anandifotokozera, maso akuwala, kuti zinasulidwa ku Dublin zaka pafupifupi chikwi zapitazo ndi anthu ochokera kumaiko akumpoto, amene anafika pa zombo n'kukhazikika ku Ireland. Wosula ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zitsulo ziwiri zogoba, n'kumenya ndi nyundo, phaa, mbali ina patuluke mutu wa mfumu, mbali inayo mtanda. Zoyambirira zinali ndi dzina la mfumu yawo, Sitiriki. Za m'mbuyo mwake, osulawo anali osadziwa kuwerenga, ndiye m'malo mwa zilembo ankangoika timizere, bola zioneke ngati malemba. Akafika pamenepa a Henderson ankaseka mpaka kutsokomola. Amayi awo anali a ku Dublin, ndipo ndalamazi anayamba kuzisonkhanitsa asanakwatire. Moyo wonsewo, zonse pamodzi sizinkakwana makumi anayi, poti ndi zosowa kwambiri.

Masana aliwonse akatha kudya ankakoka kathireyi kamodzi n'kumuuza Etta kuti akhale. Zaka zitatu Etta anamvetsera za mafumu akufa. Anaidziwa imene ili ndi kadzanja pakona ya mtanda, imene inafukulidwa m'munda, ndi imene anailimbirana ndi dokotala wina pa okushoni mu 1974. Pansi pa ndalama iliyonse panali kapepala kozungulira kolembapo anthu amene anaisungapo kale, mayina a azungu akufa ndondondo, ndipo mkuluyo ankawatchula pamtima. Koma mayina a ana a Etta sanawagwire. Ankangoti, "Atsikana ako ali bwanji?" n'kukoka kathireyi Etta asanamalize kuyankha. Zimenezi zinkandinyansa ine. Etta ankati ndisawaweruze, ukalamba ndi matenda.

Chimene chinkamuwawa iye chinali kuda kwa ndalamazo. "Asisi, chuma chonsecho litsiro lokhalokha," ankandiuza. "Eniake amachita kuzigwira m'mbalimbali ndi nsonga za zala, kunyansidwa. Nanga manja onjenjemera aja angakweche? Mwana wawoyo naye, mkazi wamtundu wanji, amangobwera kudzamwa tiyi?" Ine ndinkaseka. Ndikanadziwa kanthu za ndalama zakale ndikanamuletsa, koma ine ndimadziwa jakisoni. Mzunguyo sanamuuzepo kuti usadzazitsuke, chifukwa kwa iye kukanakhala ngati kuuza munthu wamkulu kuti usamwe palafini. Etta naye sanafunse. Kwathu mkazi sapempha chilolezo kuti atsuke chinthu chakuda.

Mu Novembala 2006 a Henderson anagwa kubafa Lamlungu, Etta kulibe, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhala m'chipatala milungu itatu. Kutatsala tsiku limodzi kuti atuluke, ejensi inatuma Etta kuti akakonze m'nyumba. Anachapa makatani, anapukuta mawindo, anakwecha uvuni. Kwathu wodwala akamachoka kuchipatala amapeza pakhomo posesedwa, ndipo Etta anafuna kuti agogo ake apeze zoposa pamenepo. Kiyi wa kakabati ankadziwa pamene ankakhala, m'kapu yothyoka chogwirira pashelefu. Anayala thaulo patebulo la kukhitchini, anafinya mandimu, anathiramo soda, n'kutenga kawaya katsopano. Anazikwecha imodziimodzi, mbali zonse ziwiri, osasokoneza timapepala tija, iliyonse n'kuibwezera m'kaenje kake. Akudikira basi anandiimbira foni. "Asisi, zikuwala ngati zasulidwa lero! Mawa agogo alira ndi chimwemwe."

Analiradi. Etta anawakhazika pampando, anakoka kathireyi koyamba n'kukaika pamiyendo pawo, iye n'kuima pambali manja kumbuyo kudikira zikomo. Mkulu uja anayang'ana nthawi yaitali. Anatenga galasi lake lokulitsira zinthu, anayang'ana imodzi, anayang'ana ina. Kenako anayamba kulira mokweza, misozi ndi mamina, akungobwereza kuti, "Etta, wachita chiyani? Wachita chiyani?" Fiona, amene anawabweretsa pagalimoto, ndiye anafotokoza, mokalipa. Kuda kuja sikunali litsiro ayi. Ndi khungu limene siliva amavala pang'onopang'ono pa zaka mazanamazana, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale amafuna lomwelo. Kuzigwira m'mbalimbali kuja kunali kuopa kulikhudza. Tsopano kawaya kanali katakanda nkhope za mafumu, ndipo timalemba tina tofooka kale tinafufutikiratu. Panalibe mmisiri aliyense padziko amene akanazibwezeretsa.

Madzulo omwewo manijala wa ejensi anamuimbira Etta. Anati aime kaye ntchito, nkhani ikambidwa pakatha masiku khumi, ndipo pamasiku amenewo asapite kunyumba kwa a Henderson kapena kuwaimbira foni. Kalata yonena zomwezo inafika mawa lake.

Etta anabwera kwanga, anakhala pansi pakapeti osavula nsapato. Masiku awiri sanadye. "Miyezi isanu yokha, asisi," ankangotero, "miyezi isanu." Akakhala pang'ono ankati, "Ndawaliza agogo. Munthu wamkulu ngati uja ndamuliza ine." Sindikudziwa kuti mwa ziwirizi chinkamudya kwambiri n'chiti.

Apa ndi pamene ine ndinalowererapo ndi nzeru zanga. Kalata ija ndinaiwerenga, mzere woletsa uja ndinauona bwinobwino, n'kuiponya patebulo. "Izi n'za mu ofesi," ndinatero. "Munthu walakwira wamkulu, angokhala phee masiku khumi? Akuyesani odzikuza. Tipite tikagwade. Mtima wa munthu si mwala."

Etta anakayika. "Nanga poti aletsa?"

"Aletsa ntchito, sanaletse ulemu," ndinatero ine. "Ndakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi, asisi. Azungu ndimawadziwa."

Ndinaterodi, ndi pakamwa pangapa.

Wolakwa sadzilankhulira yekha, pamafunika wamkulu. Ndinaitana a Chisenga, mkulu wampingo wathu wa ku Tottenham, amene kumudzi anayanjanitsapo mabanja osawerengeka, ndipo kuno ankalondera pasitolo. Anavomera msanga, anati nkhani zotere zimafuna kuzigwira zisanazizire. Komanso wopepesa sapita chimanjamanja. Nkhuku yamoyo ku London ungaipeze kuti? Tinagula yopha kale kubutchala ya pa Ilford Lane, yaikulu, yolimba ija imene azungu sadya, yokhala ndi mutu ndi miyendo yake, n'kuiika m'jumbo. A Chisenga anavala suti yakuda ndi chikhoti chachitali. Loweruka m'mawa, mvula ikuwaza, tinagogoda pachitseko.

A Henderson anatenga nthawi kuti afike ndi chitsulo chawo choyendera. Atangotsegula, Etta anagwada pasimenti yonyowa, mutu pansi, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Ine ndinagwada pambali pake. A Chisenga anavula chipewa n'kuyamba m'Chingelezi chawo chaulemu chija, kuchokera kutali monga mwa mwambo. Anati tabwera ngati ana, anati dzanja lalakwa koma mtima sunalakwe, anati mayiyu ndi wamasiye wolera ana awiri. Ine ndinakweza maso n'kuyang'ana nkhope ya mkulu uja. Sanali wokwiya. Anali ndi mantha. Anthu atatu akuda pakhomo pake, awiri ali pansi, wachitatu wamtali wachikhoti chakuda akulankhula zosatha, m'manja muli jumbo lotulukira zikhadabo za nkhuku.

"Etta, dzuka," ankangotero. "Chonde dzuka, uzipita."

Etta sakanadzuka asanamve mawu oti ndakukhululukira. Ndi mmene tinaleredwera. A Chisenga anasendera pafupi, natambasula manja awiri kupereka nkhuku ija. Mkulu uja anabwerera cham'mbuyo, chitsulo chinakola pakapeti, anatsala pang'ono kugwanso, anachita kugwira khoma. Mayi wa nyumba yoyandikana anali kale pawindo, foni ili kukhutu. Chitseko chinatsekedwa. Nkhuku tinaisiya pakhomo pomwepo, poti mphatso yopepesera sibwerera.

M'basi a Chisenga anati zayenda bwino, munthu wamkulu sayankha tsiku lomwelo. Ine ndinavomereza mokweza. Maondo a Etta anali akadali onyowa.

Tsiku la mlandu ndinamuperekeza. Kanali kaofesi kapamwamba pa sitolo ya makapeti ku Ilford, muli manijala uja, amene anali mayi wachizungu wotopa nkhope, ndi bambo wina wolemba. Anawerenga kalata ya Fiona. Za ndalama zija inanena ndime imodzi yokha. Masamba awiri otsalawo anali a Loweruka lija. Ati wantchito woimitsidwa anabwera ndi gulu kudzaopseza nkhalamba yodwala. Ati anauzidwa kuti achoke, anakana. Ati anasiya nyama yakufa pakhomo, ndipo a Henderson sakufunanso kutsegulira aliyense. Nyama yakufa! Nkhuku yabwinobwino imene tinachita kusankha!

Etta akachita mantha Chingelezi cha mu ofesi chinkamupitirira. Anamva mawu oti ndalama, anamva dzina la a Henderson, zina zonse zinangomudutsa, mutu uli pansi, akungoti pepani, pepani. Ine ndinayesa kufotokoza za mwambo wathu, mawu akukwerakwera, mpaka wolemba uja anandiuza kuti ndabwera kudzaperekeza, osati kudzalankhula. Anamuchotsa ntchito pomwepo. Dzina lake anati alitumiza kumene amasunga mayina a anthu osayenera kuyandikira okalamba. Dzina likakhala kumeneko, palibe ejensi kapena nyumba ya okalamba imene ingakutengere pemiti ina.

Etta atapita kukasamba m'maso, manijala uja anandipeza pamasitepe. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezi ndi zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa akanakhala woipa bwenzi ndili ndi womuda. Anatsegula fayilo n'kundionetsa kalata ina ya ejensiyo yopita kwa Etta, yolembedwa Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti tikagwade. Inali chenjezo chabe. A Henderson eniake anali ataimba foni Lachinayi kunena kuti mayiyu sanabe kanthu, analakwitsa pofuna kuchita zabwino, iwo sangapirire kumuona pakali pano, koma chonde asachotsedwe ntchito. Ejensi ikanangomusinthira kwa okalamba ena.

"Akanangokhala kunyumba masiku khumi aja, zikanatha," anatero manijala. "Anamuuza ndani kuti apite?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinati sindikudziwa.

Tinapita kwa loya wina ku Barking, anawerenga mapepala n'kupukusa mutu. Anzathu anamuuza Etta kuti angosowa, ambiri amatero, kukhala popanda mapepala n'kumatsuka maofesi ndi dzina la munthu wina. Anakana. "Dzina la mwini ine sindingalivale," anatero. Ananyamuka mu Febuluwale 2007, kutatsala miyezi itatu kuti zaka zisanu zija zikwane. Pa Heathrow anandikumbatira nthawi yaitali, ine thupi lili gwa.

A Henderson anamwalira chaka chotsatira. Mnzathu wina wa ejensi yomweyo anandiuza kuti Fiona anagulitsa ndalama zija pa okushoni, ndipo m'buku la okushoniyo pansi pa iliyonse analembapo kuti inakwechedwa moipa. Zinatsika mtengo, koma ogula anapezeka ndithu, ndipo pano zili m'makabati a azungu ena. Ndalama zokandikazo zinapeza kokhala ku England kuno. Etta ali ku Kawale, amachapa ndi kusita zovala pa loji ina, ndipo mwana wake wamkulu anasiya koleji.

Tikamalankhula pafoni nkhaniyi imabwera yokha. "Safunsa anadya phula, asisi," amatero. "Ndinadzipha ndekha ndi kawaya. Koma inu Mulungu akudalitseni. Anthu onse atandithawa, inu munagwada nane pamvula paja." Ine ndimangoti musatero asisi, n'kufunsa za ana.

Khirisimasi ya 2008 ndinatsimikiza mtima kuti ndimuuza. Ndinagula khadi loimbira kumudzi, ndinakhala pamphepete pa bedi, ndinapemphera kaye. Atayankha sindinachedwe ndi moni, kuopa kuti mtima ungabwerere.

"Asisi, pali nkhani ina ya agogo aja imene sindinakuuzeni."

"Anandikhululukira eti?" Mawu ake anakwera ngati a mtsikana. "Munamva kanthu asanamwalire?"

"Eya," ndinatero. "Anakukhululukirani. Anaimba foni kuofesi eniake, anati munalakwitsa pofuna kuchita zabwino."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule tsiku limene anaimba. Kumbali inayo ndinamva akulira, kenako akuitana ana kuti abwere adzamve, kenako akululutira pang'ono ndi mawu osasa.

"Ndinadziwa ine! Mukuona asisi? Mukanapanda kundikakamiza tsiku lija, bwenzi agogo atapita ndi chakukhosi. Kugwada kuja sikunapite pachabe."

Ndinati eya. Anapitiriza kundithokoza, ine ndikungoti eya, eya, mpaka khadi linatha.